Changu si liwiro, si phuma

Alembi athu ambiri akusokoneza mawu atatu awa: liwiro, phuma ndi changu. M'nkhani zomwe ndimawerenga, mbala yothawa apolisi akuti "idathamanga mwachangu". Ayi ndithu, abale anga! Mbala ili ndi liwiro basi, ndipo liwiro ndi la miyendo. Phuma ndi la munthu wophula ndiwo zisanapse. Changu ndi cha mayi amene wangomva kuti kwabwera alendo, nkhuku yagwidwa kale, madzi ali pamoto, koma palibe chatayika. Wachangu amafulumira, koma maso ndi mtima zili pantchitoyo.

Omasulira Buku Lopatulika la 1922 ankazidziwa zimenezi. Pa Yohane 2:17, Yesu atapirikitsa amalonda m'kachisi, iwo adasankha mawu oti changu pofotokoza moto wa mumtima mwake. Ine ndimaona ubale pakati pa mawuwa ndi mneni "kuchangamuka", amene Aswahili nawonso ali naye, "kuchangamka". Wachangu ndi munthu wogalamuka.

Nanga tikamapatsa mbala iliyonse mawu aulemuwa, mwana wolimbikira ntchito tidzamuyamikira ndi chiyani? Paja akuluakulu adati kuthamanga si kufika.