Luso la Henrietta Leavitt pa magalasi a ku Harvard

Malo oonera nyenyezi a yunivesite ya Harvard ku America anakhazikitsidwa mu 1839. Mu nthawi ya Edward Pickering, yemwe anawatsogolera kuyambira 1877, ntchito yaikulu inkagwiridwa masana ndi amayi olipidwa ndalama zochepa, atawerama pa zithunzi za thambo zojambulidwa pa magalasi. Mmodzi mwa iwo anali Henrietta Swan Leavitt.

Magalasi ake ambiri ankachokera ku Arequipa, m'mapiri a ku Peru, kumene Harvard inali ndi telesikopu yojambula thambo la kummwera. Pamenepo pankaoneka Mitambo ya Magellan, timitambo tiwiri totuwa tija timene ngakhale kuno kwathu timaoneka chakummwera usiku wopanda mwezi.

Kagwiridwe kake n'kogometsa. Ankatenga magalasi awiri a mbali imodzimodzi ya thambo, ojambulidwa masiku osiyana: lina la nyenyezi zakuda, lina la nyenyezi zoyera. Akawasanjikiza bwinobwino, kadontho kakuda kankaphimba koyera. Koma nyenyezi yomwe yasintha kuwala inkadziulula yokha, chifukwa timadontho take sitinkalingana. Ankaisakasaka pakati pa zinzake zikwizikwi ngati mayi wosankha timiyala mu mpunga. Akaipeza, ankaiyerekeza ndi nyenyezi zoyandikana nazo, n'kulemba kuwala kwake, kenako n'kuilondola galasi ndi galasi kufikira atadziwa masiku omwe imatenga kuti iwale, izilale, iwalenso.

Mu 1908 anatulutsa mndandanda wa nyenyezi 1,777 zosinthasintha choncho. Mu 1912, atapenda mwakuya nyenyezi 25 za mu Mtambo Waung'ono wa Magellan, anatsimikiza kuti nyenyezi yotenga masiku ambiri kuti imalize kusintha kwake ndiyo yowala kwambiri. Nzeru yake inagona apa: popeza zonsezo zili mu mtambo umodzi, mtunda wochokera kuno n'ngofanana ndithu, choncho yooneka yowala n'njowaladi, osati kuti ili pafupi. Ukadziwa masiku ake, wadziwa mphamvu ya kuwala kwake. Ukaona mmene ikuzilalira kwa ife, wadziwa kutalika kwake.

Chimene ndimamulemekezera koposa n'chakuti sanakokomeze. Ananena poyera kuti pakufunika kuyeza kaye mtunda weniweni wa nyenyezi zingapo za mtunduwu kuti muyeso wake ukwanire. Katswiri wina wa nyenyezi, Ejnar Hertzsprung, anayamba ntchitoyo mu 1913. Zomwe Leavitt anapeza mu 1912 zinatuluka zitasayinidwa ndi Pickering, ngakhale dzina la mwini ntchito linatchulidwa koyambirira.

Leavitt anamwalira mu 1921. Patapita zaka ziwiri, katswiri winanso, Edwin Hubble, anapeza nyenyezi yotereyi mu kamtambo kena ka kuthambo kotchedwa Andromeda, ndipo ndi muyeso wa mayiyu anasonyeza kuti Andromeda ili kutali kunja kwa mlalang'amba wathu. Kuyambira pamenepo akatswiri anadziwa kuti mlalang'amba wathu ndi umodzi chabe mwa yambirimbiri.