Muyeso wa msinkhu wa ng'ombe za Dexter ndi vuto la ana obadwa akufa

Ng'ombe za mtundu wa Dexter zinachokera kumwera chakumadzulo kwa dziko la Ireland, ndipo ndi zina mwa ng'ombe zing'onozing'ono kwambiri za ku Ulaya. Amaziwetera mkaka ndi nyama. Lero zikupezeka ku Britain, America, Australia ndi South Africa, ndipo m'maiko amenewa muli mabungwe a alimi osunga kaundula wa mtunduwu. Mabungwewa amalemba msinkhu umene ng'ombe iyenera kukhala nawo kuti itchedwe Dexter yabwino. Malangizo amene bungwe la American Dexter Cattle Association linagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri ankati yaikazi yokhwima italike masentimita 91 mpaka 107, nkhunzi masentimita 97 mpaka 112.

Muyeso wotere umaoneka wosavuta: mlimi atenge tepi, ayeze, alembe. Vuto lake ndi lakuti tepi imangonena kuti ng'ombe ndi yaifupi, koma sinena chimene chaifupikitsa.

Mwa ng'ombe za Dexter muli kufupika kwa mitundu iwiri. Zina ndi zazing'ono thupi lonse, mutu, msana ndi miyendo n'zogwirizana bwino, ndipo ana ake amatengera msinkhu womwewo. Zina zili ndi thupi lodzadza pa miyendo yaifupi kwambiri, makamaka fupa la pakati pa bondo ndi chiboda. Zachiwirizi zimanyamula chilema cha m'chibadwa chotchedwa chondrodysplasia, chimene chimalepheretsa chichereŵechere kukula bwino pamene mafupa akuumbika. Ng'ombe yotengera chilemachi kwa kholo limodzi imakhala ndi moyo, imangofupika miyendo. Yotengera kwa makolo onse awiri sikhala ndi moyo. Kawirikawiri mayi amapoloza bere lili pafupifupi miyezi 7, ndipo mwanayo amatuluka ndi mutu waukulu wozungulira, mphuno yophwatalala, lilime lotuluka, m'kamwa mong'ambika kumwamba, timiyendo tating'ono ndi mimba yotuluka matumbo. Alimi a ku Britain anamutcha "bulldog" chifukwa nkhope yake imafanana ndi ya galu wa dzinalo.

Nkhaniyi si yatsopano. F. A. E. Crew wa ku Edinburgh analemba za ana otere mu 1923. Mu 2007, Julie Cavanagh ndi anzake a ku University of Sydney anasindikiza zotsatira zosonyeza kuti cholakwikacho chili pa gene yotchedwa ACAN. Lero labotale imatha kuchipeza pogwiritsa ntchito ubweya wa kumchira wozulidwa ndi mizu yake.

Masamu ake ndi amene amaonetsa bwino kulephera kwa muyeso wa msinkhu. Nkhunzi yonyamula chilemachi ikakwera zazikazi zonyamulanso, pa mabere 100 pamayembekezeka ana 25 akufa, 50 a miyendo yaifupi onyamula chilemacho, ndi 25 a miyendo yaitali opanda chilema. Nkhunzi yomweyo ikakwera zazikazi zopanda chilema, pamayembekezeka ana 50 a miyendo yaifupi ndi 50 a miyendo yaitali, wakufa ndi vutoli palibe. Chiwerengero cha ana aafupi ndi chimodzimodzi m'njira zonse ziwiri. Choncho mlimi wokweretsa yaifupi kwa yaifupi poganiza kuti achulukitsa ng'ombe zaufupi sapindula kanthu. Amangosinthanitsa ana 25 amoyo ndi akufa. Ndipo kutaya sikuthera pa mwanayo. Yaikaziyo yadya msipu miyezi 7 pachabe, nthawi zina madzi amachuluka m'chiberekero n'kuilefula, ndipo chaka chobereka chapita.

Apa ndi pamene muyeso umayenera kudzudzulidwa. Bungwe likaika malire a msinkhu popanda kunena za chibadwa, njira yachidule yolowera pansi pa malirewo ndi chilema chomwechi. Ng'ombe imene chibadwa chake chonse n'cha ng'ombe yaikulu ikhoza kupambana pa tepi chifukwa choti miyendo yake yafupika, pamene mwana wake wopanda chilema adzapitirira malire n'kukanidwa. Muyeso umene unaikidwa kuti usunge ung'ono wa mtundu umatha kubisa ng'ombe zazikulu m'khola. Woweruza pa chionetsero akakonda thupi lodzadza la pafupi ndi nthaka, alimi amathamangira nkhunzi ya maonekedwe amenewo, ndipo maonekedwewo sangakhazikike m'khola ngakhale atasankha kwa mibadwo ingati, chifukwa ng'ombe yokhala ndi chilemacho mbali zonse ziwiri sifika pobereka. Zofanana nazo zinachitika ku America m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, pamene kukonda ng'ombe za Hereford zazifupi ndi zodzadza kunafalitsa chilema china cha kufupika m'makola ambiri.

Pali kufooka kwina kwa tepi kumene alangizi akukudziwa bwino. Ena amayeza paphewa, ena pachiuno, ndipo manambala ake safanana. Ng'ombe ya zaka 2 sinathe kukula. Mwana wopinimbira ndi njala kapena njoka za m'mimba nayenso amalowa bwinobwino pansi pa malire.

Oteteza ng'ombe za miyendo yaifupi ali ndi mfundo zawo. Amati maonekedwe amenewa ndi mbali ya mbiri ya mtunduwu, ndipo kuti Dexter inatsala pang'ono kutha ku Britain m'zaka za m'ma 1970, kotero kuchotsa zonse zonyamula chilema kungachepetse magazi a mtundu umene unali wochepa kale. Mfundo yachiwiriyi ndi yomveka, koma ili ndi yankho losavuta. Yaikazi yabwino yonyamula chilema ikhoza kukweredwa ndi nkhunzi yopanda chilema, ndipo mlimi n'kusunga ana amene atuluka opanda. Magazi abwino a mayiyo amapitirira, chilema chimatsala.

Amatinso popeza kuyeza ubweya kulipo, vuto linatha. Linatha kwa mlimi amene amayezetsa ndi kusunga zolemba. Nkhunzi ikagulitsidwa popanda mapepala, kapena ikabwerekedwa kuti ikakwere ng'ombe za mtundu wina, chilemacho chimapita nayo kwa theka la ana ake. Mbadwo woyamba suonetsa vuto: ana amabadwa amoyo, ena aafupi mokongola. Ana akufa amayamba kuoneka pamene nkhunziyo yakwera ana ake omwe, kapena pamene ana a bambo mmodzi akwerana. Izi n'zimene zimachitika m'makola ang'onoang'ono kumene nkhunzi imodzi imakhala zaka zambiri osasinthidwa, monga m'midzi yambiri ya kuno kwathu.

Ung'ono wa Malawi Zebu ndi nkhani ina. Ng'ombe yathuyi ndi yaing'ono thupi lonse ndipo miyendo yake n'njogwirizana ndi thupi, ndiye chifukwa chake imayenda mtunda wautali kukafuna msipu ndi madzi. Mlimi wofuna ng'ombe yosadya zambiri asaphatikize ung'ono umenewu ndi kufupika miyendo kwa Dexter.

Muyeso wa msinkhu ungakhale ndi ntchito ngati pambali pa nambala palembedwa zaka za ng'ombeyo, malo amene tepi inaikidwa, ndi zotsatira za kuyeza chondrodysplasia, ndiponso ngati malire aikidwa potengera ng'ombe zopanda chilema. Pamene nkhunzi kapena umuna wa Dexter ukuperekedwa kwa alimi, mlangizi afunse pepala la ku labotale asanafunse za msinkhu. Pepalalo likasowa, nkhunziyo aitenge ngati yonyamula chilema, ndipo isakwere ana ake kapena yaikazi iliyonse ya magazi a Dexter ya miyendo yaifupi.