Buku la Hassan Fathy ndi makoma athu a dothi

Aphunzitsi anzanga, buku la Architecture for the Poor (1973) landikondweretsa, koma osati lonse ai. Mlembi wace, Hassan Fathy, mmisiri wa ku Egypt, anamanga mudzi wa New Gourna pafupi ndi Luxor m'zaka za m'ma 1940 ndi zidina zomanga ndi matope, denga lomwe la zidina. Akunena zoona kuti wosauka ali nalo kale dothi lomangira, safunika ngongole ya simenti.

Koma ku Luxor mvula njosowa. Kuno ku Maravia, ndani angagone pansi pa denga la dothi m'mwezi wa Januwale? Pa nkhani ya madzi bukuli silitithandiza kweni-kweni. Khoma lathu la dothi la paculu lifuna maziko a miyala, khonde lotambalala, ndi kulimata njereza yosakaniza ndi mcenga. Njereza imalola cinyontho kutuluka. Simenti imatsekera madzi m'kati, dothi nkufewa, kenaka cipande conse nkumatuka. Ndaziona ndi maso anga ku Fíngoè, pa nyumba zimene eni ace anataya ndarama zambiri.

Cina nici: anthu ambiri a ku Gourna anakana kusamukira m'mudzi wokongolawo, ngakhale linali lamulo la boma. Akulu-akulu athu amene anakusidwira m'ma aldeamento ndi Apwitikizi m'ma 1970 sangadabwe nazo. Mukawerenga nkhaniyi m'kalasi, afunseni iwowo, alembe okha maina a dothi lomatira ndi lozirira, ndi kumene amalikumba.