Dzuwa Sililowera M'nyanja ku Mtakataka

Mukamatsika kuchokera ku Dedza pa msewu wa Khwekhwelere, pali kona ina pomwe chigwa chonse chimaonekera nthawi imodzi: Golomoti pansi apo, minda ya mpunga ya Bwanje, ndipo kutali uko nyanja ili mbee ngati lata latsopano. Ngakhale m'minibasi phokoso limayamba latha kaye. Koma kafuneni chithunzi chopenta cha malo amenewa kwa ogulitsa zosemasema, mubwerako chimanjamanja. Akuonetsani mlambe wakuda bii, bwato, mayi wosenza mtsuko, ndi dzuwa lofiira lomwe akuti likulowa m'madzi. Chonsecho kuno nyanja ili kum'mawa. Dzuwa limatulukira kumadzi n'kukalowa kuseri kwa mapiri a Dedza. Wopenta chotere sadayang'ane dziko lake, adangoonera chithunzi cha mnzake.

Chomvetsa chisoni n'choti phunziro la kuyang'anitsitsa lili pakhomo pompano. Pa mishoni ya Mua, yomwe idatsegulidwa mu 1902, Bambo Claude Boucher a ku Canada, omwe kuno timati a Chisale, adayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976. Onani zithunzi zawo za Gule Wamkulu, kapena mbiri yopentedwa pa makoma a Chamare Museum. Simungasokoneze Chadzunda ndi Maliya, chifukwa chilombo chilichonse chidajambulidwa ndi nkhope yake, nsanza zake ndi kaimidwe kake. Nanga mitengo idalakwanji kuti izingokhala kamdima kobiriwira kumbuyo kwa anthu?

Mtengo nawo uli ndi nkhope. Mkuyu umayanga nthambi m'mbali mwa mtsinje, khungwa lake loyererako. Mbawa imakwera njo isanachite nthambi. Mombo wa m'nkhalango ya Mua-Livulezi umaphuka masamba ofiira cha mu Seputembala, phiri lonse n'kuoneka ngati lathiridwa mkuwa pomwe udzu uli gwaa. Wopenta amene wakhalapo pansi pa phirilo amadziwa kuti penti wobiriwira yekha sakwanira. Amadziwanso kuti mu Okutobala utsi wa lupsa umafafaniza mapiri, ndiye mzere wakuthwa pamenepo ndi bodza. Pamafunika burashi yonyowa ndi dzanja lopepuka.

Madzi ndiye mayeso aakulu. Ambiri mtsinje uliwonse amaupaka mtundu wa mtambo. Namikokwe wa mu Januwale ndi wofiirira ngati thobwa, chifukwa wanyamula dothi la m'mapiri momwe mitengo idapita ku makala. Mtsinje womwewo ndiwo umathirira sikimu ya Bwanje, ya mahekitala pafupifupi 800, yomwe idamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan. Wopenta akaupatsa mtundu wake weniweni, mlimi wochotsa mchenga m'ngalande amva nkhani yonse popanda womulalikira.

Sindikunena kuti tidzaze nsalu ndi zitsa ndi matumba a makala. Zimenezo ndi zikwangwani za kampeni, ndipo tidazizolowera moti sitiziwerenganso. Munthu amateteza chomwe wachizindikira. Ndimafuna chithunzi choti gogo akachiona aloze n'chala: uwu ndi mkuyu wa pa dooko paja timachapa. Akabwerera kumudzi auyang'ana mtengowo kawiri, ndipo wobwera ndi nkhwangwa apeza womufunsa. Naye wosema ziboliboli, amene ntchito yake imadya mitengo, nkhaniyi ikumukhudza kuposa tonsefe.

Vuto lina n'loti chithunzi chabwino chimakwera ndege ndi mlendo, eni dziko osachiona n'komwe. Inu opentanu, nyamulani nsalu mukakhale pa mtsinje wa Nadzipokwe m'mawa wonse, mujambule zomwe maso anu akuona. Chimodzi gulitsani, tikudziwa kuti pakhomo pakufunika ndiwo. Chinacho chipachikeni m'kalasi ku Golomoti.