Madzi, Mlonda Wolasa Mwini Nyumba

Lira mbalule, vomera mpanje! Tikutamandani inu a Madzi, a Chidzazaselo, eni magawo 7 mwa magawo 10 a selo. Inu a Mkutaulusi, ofungatira DNA usana ndi usiku. Inu a Chiphimbamoto, amene m'maiwe a nyukiliya mumameza cheza cha mafuta otha ntchito, anthu n'kumayenda m'mbali osapsa.

Koma ng'oma isabise mawu. Cheza cha X-ray chikalowa m'thupi sichiodira, ndipo kawirikawiri chimayamba kugunda inu, poti ndinu ochuluka. Mumasweka, a Chiswekabala, n'kubala ana olusa: OH, haidirojeni, ndi ilekitironi yothawa kwawo.

Ngindi, ngindi! OH, mwana wanu wachisamba, a Kafamsanga! Moyo wake sukwana n'kuphethira komwe, gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi, ulendo wake mananomita owerengeka. Komatu m'kanthawi komweko watsomphola kale haidirojeni pa shuga wa DNA, ulusi uja duu! Mwa mabala atatu amene X-ray imasiya m'selo, pafupifupi awiri ndi a m'banja mwanu. Mlonda wanji inu, wolasa mwini nyumba?

Inu a Mfukatailekitironi, amene Hart ndi Boag anakugwirani mu 1962 ku Mount Vernon, kufupi ndi London, mutaizinga ilekitironi pakati panu, mtundu wanu utabiriwira. Inu a Mpatsiramnansi, amene Cederbaum wa ku Heidelberg anakuloserani mu 1997: wogundidwa sasunga ukali, amaupatsira woyandikana naye, uyo n'kulavula ilekitironi yoyenda pang'onopang'ono. Ena ankati yofooka chotero ingatani? Sanche ndi anzake ku Sherbrooke anaonetsa mu 2000 kuti iyonso imadula ulusi.

Gunda, gunda, usaleke! Inu a Bwenzilampweya: mukalasa, okosijeni amabwera kudzakhomera bala kuti lisapole. N'chifukwa chake Gray ndi anzake mu 1953 anati chotupa cha khansa chosowa mpweya chimalimbira cheza. Madokotala owotcha khansa amadalira ukali wanu womwewu, choncho sitikunyozani ayi.

Inu a Mmangidwandichisanu! Ofufuza maonekedwe a mapuloteni amakuumitsani pa madigiri 173 kunsi kwa ziro asanaombe cheza. Ana anu amabadwabe, koma OH miyendo gwa, sangafike patali, ndipo puloteni imapirira mpaka ajambule.