Chawinga Ali pa Kanema, Mlongo Ali ku Mpopi

Aliyense wodutsa pa misika ya ku Nancholi madzulo amatidziŵa tinyumba ta magemu: kanema pa tebulo, makina a PlayStation, benchi lodzaza anyamata. Amapereka kandalama, naseŵera mpira umene onse akuutchabe FIFA, chonsecho eni ake adausintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC. Mtsikana sapezekamo kaŵirikaŵiri. Ife makolo timangoti atsikana sakonda zimenezo, nkhani nkuthera pomwepo.

Kodi nzoona sakonda? Opanga seŵeroli nawonso ankaganiza chomwecho. Kuchokera mu 1993 adatha zaka 22 osaikamo timu ya amayi ndi imodzi yomwe. Mu 2015 adaloŵetsa matimu a maiko 12 okha, ndipo makalabu a amayi adadikira mpaka 2022. Kuchedwa kumeneku nkosakhululukika, komabe taonani chimene chidatulukapo. M'seŵero la 2024 timu ya Flames mulibe, koma muli Tabitha ndi Temwa Chawinga, ana a ku Rumphi; Temwayo ndiye adamwetsa zigoli 20 ku Kansas City Current chaka chomwecho. Mnyamata wofuna kuseŵera ndi Mmalaŵi wotchuka pa kanemapo akhoza kusankha mkazi, pamene mlongo wake sanagwirepo nkomwe kachipangizo koseŵerera.

Nanga mlongoyo ali kuti? Ali pa mzere ku mpopi ndi ndowa. Akabwerako pali mbaula, pali mbale, pali kamwana kofuna kuberekedwa. Mnyamata akaŵeruka ku sukulu amaponya makope pa mphasa, ulendo. Ndipo ngakhale mtsikana atapeza mpata, kanyumbako nkamdima, nkodzaza amuna ndi mau otukwana. Mai womletsa sitingamnene, pakuti akangoonekako kamodzi mbiri yake yaipa m'dera lonse. Tsono amaseŵera pa foni ya mai wake, yekha, mobaiba, nsima isanapse.

Izi nzakale ndithu. Bawo ndi wa abambo pa khonde la golosale, pamene phada ndi fulaye amaseŵeredwa pafupi ndi nyumba, poti woseŵerayo akaitanidwa amve msanga.

Sitikunena kuti tinyumbato ndi sukulu. Anyamata ena amathera komweko ndalama ya mchere ndi nthaŵi ya maphunziro, ndipo zimenezo nzofuna kudzudzula. Koma iwo timaŵadzudzula chifukwa choseŵera mopitirira, pamene mtsikana sitinamfunsepo ngati akufuna kuseŵera. Tamsiyani Loŵeruka limodzi wopanda ndowa, mchimwene wake akatunge madziwo, tione kumene adzaloŵere.