Luso la Ndakatulo pa Phunziro la Zanyengo ku Chimadzi

Mwana wa ku Chimadzi, dera la mumzinda wa Tete, amayamba sukulu akudziwa kale zambiri za nyengo, popeza mzindawu uli m'chigwa cha Zambezi momwe kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40, ndipo mvula ya chaka chonse, yomwe imakhala mamilimita pafupifupi 600, yambiri imagwa kuyambira Disembala mpaka Malichi. Chimene amasowa ndi mawu olumikizira zimene waona ndi zifukwa zake, ndipo ndakatulo ingampatse mawuwo pokhapokha mlakatuli atadziwa kuti zipangizo za luso lake sizithandiza sayansi mofanana.

Mwayi wophunzitsa motere ulipo. Pakati pa 1993 ndi 1997, boma la Mozambique linayesa kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri kudzera mu ntchito yotchedwa PEBIMO, ndipo m'chigawo cha Tete chinenero chomwe chinayenda limodzi ndi Chipwitikizi chinali Chinyanja. Ndondomeko ya maphunziro a pulayimale ya 2004 inapatulanso magawo 20 pa 100 aliwonse a nthawi yophunzira kuti akhale a nzeru za kudera komwe kuli sukulu. Ana ambiri a mumzinda wa Tete amayankhula Chinyungwe kwawo, koma zimene zikunenedwa pano za Chinyanja zikukhudzanso chinenerocho, chifukwa ziwirizi n'zapachibale ndipo zimafanana kwambiri m'kapangidwe ka mawu.

Chipangizo chothandiza koposa ndi mvekero, womwe ndi mawu ojambula maonekedwe, phokoso kapena kachitikidwe ka chinthu. Kunena kuti kumwamba kwada bii, mphenzi yangoti ng'ani, mvula yayamba waa, kenaka kunja kwati zii, ndi kulongosola mvula ya mabingu mwatsatanetsatane, ndipo mwana sangasankhe mvekero woyenera asanaonetsetse ndi kumvetsera, zomwe ndi chiyambi cha sayansi. Kusanja kwa mizere nako kumanyamula mfundo. Ndime yomwe yaika kung'anima mumzere woyamba ndi kugunda kwa bingu mumzere wachitatu, n'kusiya mzere wapakati kuti ana awerenge chamumtima, imaphunzitsa kuti kuwala kumathamanga kuposa phokoso, ndipo mphunzitsi akawonjeza kuti masekondi atatu aliwonse akuimira mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi, kupuma kwa pakati pa mizere kumasanduka muyeso. Mlakatuli wosinthanitsa mizere iwiriyo pofuna kukometsa kamvekedwe amakhala ataphunzitsa zabodza, ngakhale ndakatuloyo ikome bwanji.

Mayina a mvula ndi mphepo ndi chuma china chomwe buku la Chipwitikizi silingapereke. Chizimalupsa ndi mvula yoyamba yogwa pa tchire lopsa, mvumbi ndi yogwa pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, mwera ndi mphepo yochokera chakummwera m'miyezi yozizira, pomwe kavuluvulu amadzuka masana a chilimwe nthaka ikatentha kwambiri n'kukweza mpweya mozungulira. Dzina lililonse lasunga nyengo yake ndi khalidwe lake, kotero ndakatulo yoyenda nawo mwa ndondomeko ya chaka imakhala kalendala yomwe mwana angayese ndi maso ake.

Chibwereza, kutanthauza kubwereza mawu kapena mzere mwadala, chimayenera phunziro la kayendedwe ka madzi, pakuti ndakatulo yothera pa mzere womwe inayambira imaonetsa m'maumbidwe ake kuti madzi a mu Zambezi amakwera ngati nthunzi, amaundana kukhala mitambo, n'kubwereranso kumtsinje. Kufananitsa mathero a mizere kokha kuli ndi phindu lochepa m'chinenero chomwe mawu ake onse amathera pa lembo la liwu, ndipo wokukakamira amathera podzaza mizere ndi mawu opanda ntchito.

Chipangizo chofunika kusamala nacho ndi umunthu, komwe kuli kupatsa chinthu chopanda moyo maganizo ndi zochita za munthu. Mu Januwale 2022, namondwe Ana atafika, mtsinje wa Revúbuè unasefukira n'kugumula mlatho wa pamsewu wa pakati pa Tete ndi Moatize. N'kosavuta kulemba kuti mtsinjewo unakwiya, ndipo mzere wotere umakhudza mtima, koma umatseka funso lomwe phunzirolo likufuna kutsegula, pakuti mkwiyo sufuna kufufuzidwa. Chifukwa chenicheni n'chakuti Revúbuè amachokera kumapiri a ku Angónia, komwe kumagwa mvula yambiri kuposa m'chigwa, kotero madzi angakwere mumzinda ngakhale kumwamba kwa mzindawo kutayera mbee. Ndakatulo yotsata dontho la mvula kuchokera kumapiriko, kudutsa m'makwawa mpaka pomwe mtsinjewo umathira mu Zambezi, imasunga mantha a tsikulo ndipo imasiyanso nzeru yopulumutsa moyo. Izi sizikutanthauza kuti zikhulupiriro za makolo zilibe malo m'ndakatulo, pakuti Steve Chimombo wa ku Malawi anamanga ndakatulo zake zambiri pa Napolo, chinjoka chomwe amati chimagumula mapiri. Iye ankalembera akuluakulu odziwa kusiyanitsa chizindikiro ndi chifukwa, pomwe mwana wa zaka zisanu ndi zinayi amalandira mzere monga momwe waumvera.

Pachifukwa chimenechi, ndakatulo ya m'kalasi imayenera kuyesedwa ndi zochitika panja. Ana akaika chitini chowongoka pabwalo la sukulu n'kumayeza madzi ake ndi rula m'mawa uliwonse wa mu Januwale, amapeza okha kuchuluka kwa mvula yomwe yagwa, ndipo mzere womwe analemba dzulo amaukonza molingana ndi mamilimita omwe awerenga.